Dziwe lija linkaoneka la m'chiuno: zimene mtsinje wa Nadzipokwe unandiphunzitsa

Pa 15 Okutobala chaka chatha, tsiku la anakubala, ndinatsala pang'ono kutaya mwana wanga wachisamba m'dziwe limene ine ndemwe ndinanena kuti n'losaya. Nkhaniyi ndikuilemba ndi kamanyazi, chifukwa masabata awiri okha izi zisanachitike ndinaima kutsogolo kwa kalasi, pensulo ili m'tambula ya madzi, n'kumaphunzitsa mutu wa refraction. Ana analemba manotsi, ndinawapatsa masamu, ambiri anakhoza. Koma nditafika pamtsinje weniweni, mphunzitsi wa fizikisi ndinakhulupirira maso anga ngati munthu woti sanapondeko m'kalasi.

Ndiye lero tisiye kaye bolodi, tipite kumtsinje. Ndikufotokozerani zimene zinachitika, kenako tiwerengetsera limodzi chifukwa chake. Masamu ake ndi omwewa mumakumana nawo pokonzekera MSCE, kungoti pano manambala ake ndi a mwana weniweni.

Kuchoka pa Lizulu kutsikira ku Mua

Kwa amene simunafikeko, Lizulu ili pamsewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, ndipo ukangooloka msewuwo wayamba kuponda dziko la Mozambique. Kuno n'kumtunda, kozizira, kwa kachewere, kabichi, anyezi ndi matimati. Amayi anga akhala kuno moyo wawo wonse akulima zimenezi, ndipo pa tsiku lawoli ndinkafuna kuti apume khasu, akaone kwina. Tinagwirizana zopita ku Mua. Tinalipo asanu ndi mmodzi: amayi, mkazi wanga, ana athu awiri, mlamu wanga mwini galimoto, ndi ine. M'dengu munali nkhuku yokazinga, kachewere wophika, mandasi ndi chigubu cha thobwa.

Tinalowera cha ku Dedza, n'kukhota pa Masasa kutenga msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti. Msewu umenewu umapindika ngati njoka, ndipo pofika pansi umakhala watsika mamita pafupifupi 1,000. Tili pakati, mnyamata wanga, amene nthawiyo anali ndi zaka 9, anati, "Adadi, makutu anga atseka." Ndinamuuza kuti ameze malovu. Pamene ukutsika, mpweya umene uli pamwamba pako umachuluka, ndiye umakankha kwambiri kachikopa ka m'khutu. Ukameza, mpweya wa mkati ndi wa kunja umafanananso. Kutentha nako kunkakwera, chifukwa kawirikawiri mamita 1,000 aliwonse amene watsika amawonjezera madigiri 6 ndi theka. Pofika pa Golomoti amayi anali atavula juzi, akudzipepeza ndi mpango.

Kuchoka apo tinatsata msewu wa M5 wopita ku Salima mpaka pokhotera ku Mua. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, ndipo mu 1976 bambo Claude Boucher anatsegulapo malo a zachikhalidwe a Kungoni. Tinaonako zosemasema ndi zigoba za gule wamkulu, koma ana mitima inali kumadzi. Kumunsi kwa mishoni kumadutsa mtsinje wa Nadzipokwe, wochokera m'mapiri a kumtunda, ndipo dera limeneli lili m'mphepete mwa nkhalango ya Mua-Livulezi. Tinayenda wapansi motsata mtsinje mpaka tinapeza malo a mthunzi wabwino, patali ndi nyumba za anthu.

Malo ake anali okongola, osanama. Mitengo italiitali, nsungwi zowirira, nyenje zikulira ngati zalipidwa. Madzi ankatsetsereka pathanthwe n'kugwera m'dziwe loyera mbee, miyala ya pansi ikuoneka umodziumodzi. Pathanthwepo panali maenje ozungulira ngati mikhate, amene amakumbika pamene madzi akuzunguza timiyala pamalo amodzi kwa zaka zambirimbiri. Cha kumunsi amayi ena atatu ankachapa.

Thanthwe linkaotcha kumapazi pomwe madzi anali ozizira bwino, chonsecho dzuwa lake ndi limodzi. Chinsinsi chake ndi specific heat capacity. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi pamafunika majoule 4,200, pamene mwala umangofuna pafupifupi 800. Komanso mwala umasunga kutenthako pamwamba pokha, pomwe madzi akuyenda n'kumasakanikirana. N'chifukwa chake mwana aliyense akaponda thanthwe la mu Okutobala amathamangira m'madzi osaganiza kawiri.

Mpira unagwera m'dziwe

Titadya, ana ankaponyerana kampira ka pulasitiki m'mbali mwa madzi. Kamtsikana kathu, ka zaka 5, kanaponya molakwika, mpira n'kugwera m'dziwe, n'kuyandama mpaka unakakodwa pamwala cha kutsidya.

"Adadi, ndikatenge?" anafunsa mnyamata uja.

Amayi ndi amene anayamba kuyankha. Akafuna kundiseka amanditchula ntchito yanga. "Aphunzitsi, mwaliyeza dziwelo?"

Ine ndinali khale pamphasa, fupa la nkhuku lili m'manja. Ndinangosuzumira n'kuona miyala ya pansi ikuwala. "Ndi posaya apo, amayi. Simukuona miyala? Madzi a m'chiuno amenewo. Pita ukatenge, koma pang'onopang'ono."

Analowa. Madzi m'mawondo, m'chiuno, pachifuwa. Ndinaona akukweza manja, akufuna kutembenuka kuti abwerere. Kenako phazi linaterereka, mutu n'kulowa.

Chimene sindidzaiwala n'choti sanakuwe. M'mafilimu munthu womira amafuula n'kumenya madzi, koma zenizeni sizikhala choncho. Pakamwa pakangotuluka pamafuna mpweya, mpata wokuwa palibe. Ndinangoona kamutu kakutuluka, kulowanso, madzi akumukokera cha kumunsi. Ndinadzambatuka kuthamanga, ndipo nditangoponda ndere pathanthwe lonyowa ndinagwa chagada, phi! Pamene ndinkadzuka, mmodzi wa amayi ochapa aja anali atagona kale chafufumimba pathanthwe, wagwira nsonga imodzi ya chitenje chonyowa, inayo waiponya m'madzi. Mwana anaigwira, iwo n'kukoka. Zonsezi sizinakwane theka la mphindi.

Anatsokomola, kusanza madzi pang'ono, kenako kulira. Kulira kumeneko kunandikomera kuposa nyimbo iliyonse. Amayi opulumutsa aja anafinya chitenje chawo n'kundiyang'ana. "Bambo, ndinu alendo eti? Pamenepo ife akuluakulu pamatifika m'khosi. Mukanafunsa." Ndinathokoza ndikuomba m'manja, mawu osatuluka bwino. Amayi anga sananene kanthu, anangomufunditsa mdzukulu wawo nsalu. Paja safunsa anadya phula.

Mwana atakhazikika, ndinatola nsungwi youma, n'kugona pathanthwe pomwe anagona amayi aja, n'kuizika m'dziwe mpaka inagunda pansi. Pamene panalekeza madzi ndinalembapo ndi mpeni. Nsungwiyo ndinabwera nayo ku Lizulu, ndipo nditaiyeza ndi rula ya mu labu ndinapeza masentimita 140. Mwana wanga anali wamtali masentimita 125. Ngakhale akanaima chilili osaterereka, madzi akanamupitirira.

Nanga maso anandinamiza bwanji?

Timaona chinthu chifukwa kuwala kochokera pa chinthucho kwalowa m'maso mwathu. Mwala uli pansi pa dziwe, kuwala kwake kumayamba ulendo m'madzi, kenako kutulukira mumpweya. Vuto lili pa liwiro. Mumpweya kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, koma m'madzi kumatsika kufika pafupifupi 225,000. Mukagawa 300,000 ndi 225,000 mupeza 1.33, ndipo nambala imeneyi ndiyo refractive index ya madzi.

Kusintha liwiro kumabweretsa kukhota. Taganizani ngolo ikuchoka mumchenga kukwera patala mopingasa. Tayala limodzi limayamba kufika patala n'kuyamba kuthamanga, linalo likadali kuvutika mumchenga. Ngolo ija imakhota, ifune isafune. Kuwala nako kukamatuluka m'madzi mopendekeka kumakhota chimodzimodzi, kupendekera cha kumadzi, kutalikira mzere woongoka uja timautcha normal. Kukhota kumeneku ndiye refraction. Lamulo lake limadziwika ndi dzina la Willebrord Snell wa ku Netherlands, amene analipeza mu 1621, ngakhale kuti Ibn Sahl wa ku Baghdad anali atalilemba kale cha mu 984.

Tsono ubongo wathu sudziwa kuti kuwala kwakhota panjira. Umangotenga mzere umene walowa m'diso n'kuutsata chobwerera molunjika, ngati palibe chachitika. Mizere yobwererayo imakakumana pamwamba pa malo enieni a mwala. Zotsatira zake, pansi pa dziwe pamaoneka ngati pakwera. Ndi zomwezi zimachititsa pensulo kuoneka yothyoka m'tambula.

M'buku mumapeza kuti:

refractive index = kuya kwenikweni ÷ kuya kooneka

Tiikemo nambala yathu. Kuya kooneka = 140 ÷ 1.33, zimene zikutipatsa masentimita 105. Mwachidule, madzi oyera amabisa gawo limodzi mwa magawo anayi a kuya kwake. Dziwe la mamita 2 limaoneka la mita imodzi ndi theka.

Wina afunsa kuti, "Koma sala, masentimita 105 kwa mwana wa masentimita 125 ndi m'khosi. Inu munati m'chiuno. Zikugwirizana bwanji?" Funso labwino, ndipo apa ndi pamene pali nkhani imene ambiri timaidumpha m'kalasi.

Fomula ija ili ndi malire

Kugawa ndi 1.33 kumagwira ntchito pokhapokha ukuyang'ana cholunjika pansi, ngati waima pamlatho kapena wasuzumira m'chitsime. Koma pamtsinje ndani amayang'ana choncho? Timaima m'mbali n'kuyang'ana kutsogolo, mopendekeka. Ukamapendekeka kwambiri, kuwala kumakhotanso kwambiri, pansi n'kumakwererakwerera.

Tiyeni tiwerengetse ndi maso a mwana uja. Maso ake anali masentimita pafupifupi 115 kuchoka pansi. Akayang'ana pamadzi mamita 2 kutsogolo kwake, mzere wa maso ake umapanga madigiri pafupifupi 60 ndi normal. Lamulo la Snell likuti sin ya ngodya ya mumpweya, kugawa ndi sin ya ngodya ya m'madzi, yankho ndi 1.33. Sin 60 ndi 0.866. Kugawa ndi 1.33 tipeza 0.651, imene ndi sin ya madigiri pafupifupi 41. Choncho m'madzi kuwala kumabwera pa madigiri 41, koma diso limaganiza kuti kwayenda pa madigiri 60 njira yonse. Jambulani zimenezi papepala ndi protractor, mutsate mzere wa madigiri 60 chobwerera mpaka ufike pamwamba penipeni pa mwala. Mupeza kuti mwala ukuoneka pafupifupi pa theka la kuya kwake. Theka la 140 ndi 70, ndipo masentimita 70 kwa mwana ameneyu ndi m'chiuno ndendende.

Ine zanga zinali zoipirapo. Ndinali chikhalire pamphasa, maso ali pafupi ndi nthaka, patali ndi dziwe. Ngodya yanga inaposa madigiri 60. Kwa ine dziwe lonse linkaoneka ngati mbale yosaya. Ndipo chinyengochi chili ndi nkhanza yake: pafupi ndi mapazi ako, pamene ukuyang'ana cholunjika, pamaoneka pakuya, pomwe patsogolo pamaoneka ngati pakukwera. Ndiye umaganiza kuti ukangopita patsogolo pang'ono zinthu zikhala bwino, chonsecho ukulowera kozama.

Anyamata olasa nsomba m'mitsinje amazidziwa izi ngakhale sanamvepo za Snell. Saloza pamene nsomba ikuoneka, amaloza kumunsi kwake. Anaphunzira pophonya kambirimbiri. Pa nkhani ya kuya kwa madzi, mwayi wophonya kambirimbiri palibe.

Zindikiraninso kuti madzi oyera ndi amene amanyenga kwambiri. Madzi amatope timawaopa chifukwa pansi sitipaona. Oyera amatipatsa chithunzi chooneka bwino, ife n'kuchikhulupirira.

Chifukwa chiyani mapazi analephera kugwira?

Refraction inamulowetsa m'dziwe, koma chimene chinamugwetsa ndi china. Kumbukirani kuti anafuna kubwerera madzi atafika pachifuwa. Analephera bwanji, poti madziwo sankathamanga kwenikweni? Apa pali mphamvu zitatu zimene zinagwirizana. Manambala otsatirawa ndi oyerekeza, ndawasalaza kuti masamu asavute, koma sali kutali ndi zenizeni.

Yoyamba ndi upthrust. Archimedes wa ku Syracuse anapeza zaka zoposa 2,200 zapitazo kuti chinthu chikalowa m'madzi, madzi amachikankhira m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa madzi amene chawasuntha. Tinene kuti mwana ndi wa makilogalamu 30. Kulemera kwake ndi manewton 300. Thupi la munthu lili ndi density yofanana pang'ono ndi ya madzi, choncho thupi lonse limatenga malo a malita pafupifupi 30. Madzi akafika pachifuwa, tinene kuti malita 20 ali m'madzi. Malita 20 a madzi ndi makilogalamu 20, ndowa yathunthu, kutanthauza manewton 200 okankhira m'mwamba. Otsala opondereza mapazi pansi ndi manewton 100 okha.

Yachiwiri ndi friction, mphamvu imene imaletsa phazi kuterereka. Imeneyi imadalira zinthu ziwiri: mmene phazi laponderezera pansi, ndi kukhakhala kwa popondapo. Pathanthwe louma, tikatenga coefficient ya 0.6, mwana ali ndi 0.6 × 300, manewton 180 omugwira. Pamwala wa ndere pansi pa dziwe, tikatenga 0.2, ali ndi 0.2 × 100, manewton 20 basi. Mwaona kutsikako? Kuchoka 180 kufika 20. Za kuterera kwa ndere musandifunse, msana wanga ndi mboni.

Yachitatu ndi kukankha kwa madzi oyenda. Tisanachoke ndinaponya kamtengo m'dziwe, ndipo kanayenda mamita pafupifupi 5 m'masekondi 10. Liwiro lake ndi theka la mita pa sekondi, lochepa kuposa la munthu woyenda mwaulesi. Koma madzi ndi olemera. Kyubiki mita imodzi ndi makilogalamu 1,000, kuposa mpweya nthawi pafupifupi 800. Mphamvu yokankha tingaiyerekeze motere: theka × density × liwiro × liwiro × kukula kwa mbali ya thupi imene yayang'anizana ndi madzi. Mbali imeneyo tiiyese masentimita 25 m'lifupi ndi 80 m'litali, zimene ndi 0.2 sikweya mita. Ndiye 0.5 × 1,000 × 0.5 × 0.5 × 0.2 zikutipatsa manewton 25.

Ikani pamodzi: madzi akukankha ndi 25, mapazi akugwira ndi 20. Mwana wagonja, ngakhale mtsinje ukuoneka wofatsa.

Onaninso kuti liwiro lalowa kawiri mu fomulayo. Likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Pa mita imodzi pa sekondi ndi manewton 100. Pa mamita 2 pa sekondi ndi 400, kuposa kulemera kwa mwana yense. Amene mumaoloka mitsinje popita kusukulu nthawi ya dzinja, nambala imeneyi muisunge. Kamtsinje kamene munaoloka m'mawa madzi ali m'mawondo, masana kakafika m'ntchafu n'kuwonjezera liwiro, si komweko ayi. Upthrust yakula, friction yachepa, kukankha kwawirikiza.

Amayi a chitenje aja anachita fizikisi yolondola kuposa ine. Ine ndinkathamangira kudumphira m'madzi, kumene nanenso ndikanapepuka n'kusowa pogwira, mwana wamantha atandikanirira pakhosi. Iwo anakhala pouma, pamene kulemera kwawo konse kunali kugwira ntchito. Anagona pansi kuti asakokedwe n'kugwera momwemo, ndipo anatalikitsa mkono ndi nsalu. Ophunzitsa zopulumutsa anthu m'madzi amalangiza zomwezo: mupatse womirayo ndodo, chingwe, nsalu, kapena muponyere chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, iwe uli pamtunda.

Kunjenjemera dzuwa likuswa mtengo

Atatuluka m'madzi, mwana ankanjenjemera mano gwegwegwe, chonsecho kunja kukutentha. Mantha analipo, koma panalinso evaporation. Kuti madzi asanduke nthunzi amafuna mphamvu yambiri, majoule oposa 2 miliyoni pa kilogalamu imodzi, ndipo madzi a pakhungu amaitenga m'thupi mwako. Kamphepo kakamaomba, nthunzi imachotsedwa msanga, kuzizira n'kuwonjezeka. N'chifukwa chake agogo ake anachita bwino kumuvula malaya onyowa, kumupukuta n'kumufunditsa nsalu youma.

Chodabwitsa n'choti amayi omwewo anali atagwiritsa kale ntchito lamulo lomweli m'mawa. Chigubu cha thobwa anachikulunga ndi chitenje chonyowa n'kuchiika pamthunzi podutsa mphepo, ndipo thobwa linali lozizira ngati la mumtsuko. Mtsuko nawo umaziziritsa madzi chifukwa umachita thukuta kudzera m'timabowo ta dothi.

Pobwerera tinadzera kuchipatala kuti akamumvetsere m'chifuwa. Munthu amene wamira n'kupuma madzi, ngakhale akuoneka bwino, ndi bwino aonedwe ndi achipatala, makamaka ngati akutsokomola kapena kupuma movutika. Wathuyu anamupeza ali bwino.

Mvula imene simukuiona

Tisananyamuke pamtsinje paja kunamveka kugunda cha kumapiri, kumene tinachokera. Pamene tinali dzuwa linali phwee. Koma amayi ochapa aja anayamba kulongedza zovala zawo zisanaume. Anatiuza kuti kumtunda kukada, iwo sadikira.

Ali ndi chifukwa. Mvula ikagwa kumtunda, madzi a m'makwawa ambirimbiri amasonkhana mumtsinje umodzi n'kutsika phiri. Potential energy imene ali nayo pamwamba imasanduka kinetic energy, ndipo amatha kufika kuchigwa kumene sikunagwe ngakhale dontho. Paja madzi saiwala khwawa. Zizindikiro zake ndi izi: madzi oyera ayamba kuda, masamba ndi timitengo tayamba kuyandama, ndipo kumtunda kukumveka mkokomo. Mukaona chimodzi mwa izi, kwerani kumtunda nthawi yomweyo, mbale mudzatola pambuyo.

Nkhalango imathandiza pamenepa. Masamba, zinyalala za pansi ndi mizu zimachedwetsa madzi kuti alowe m'nthaka, n'kumatuluka pang'onopang'ono ngakhale m'chilimwe. Mapiri akametedwa ndi makala, madzi amatsika onse nthawi imodzi, ndipo liwiro lija timati limalowa kawiri limakwera.

Mukhozanso kuyeza kutalika kwa mphezi. Kuwala kumafika pompopompo, koma phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Werengani masekondi kuchokera pa kung'anima kufika pa kugunda, mugawe ndi 3, mwapeza makilomita. Koma lamulo losavuta ndi ili: ukamva kugunda, tuluka m'madzi.

Yesani nokha, pouma

Simukusowa labu kuti muone zimene ndafotokozazi.

Choyamba, ikani kobiri pansi pa kapu yosaonekera mkati. Bwererani m'mbuyo mpaka kobiri itabisika kuseri kwa mlomo wa kapu. Mutu usasunthe, mnzanu athire madzi pang'onopang'ono. Kobiri idzatulukira ngati yakwera.

Chachiwiri, dzazani ndowa, muike kamwala pansi. Yang'anani cholunjika kuchokera pamwamba, ndipo kunja kwa ndowa lozani ndi chala pamene mukuganiza kuti pali mwalawo. Yezani kuchoka pamwamba pa madzi kufika pachala, kenako yezani kuya kwenikweni. Gawani kwenikweni ndi kooneka, muone ngati muyandikira 1.33. Bwerezani mutayang'ana chapambali, muone kusiyana.

Chachitatu, mangani mwala ku lasitiki, muone mmene yatanukira. Viikani mwalawo m'madzi osaugunditsa pansi. Lasitiki idzafupika. Imeneyo ndiyo upthrust.

Ndipo nali funso loti muyankhe m'makope mwanu: mtsikana wamtali masentimita 150 waima pamlatho, wayang'ana cholunjika pansi, ndipo madzi akuoneka akuya masentimita 120. Kodi akalowa, mphuno yake ikhala kunja? Onetsani njira.

Tisasiye kupita kumtsinje

Bungwe la World Health Organization linanena mu 2024 kuti anthu pafupifupi 300,000 amafa pomira m'madzi chaka chilichonse padziko lonse, ndipo ana ndi achinyamata ndi ambiri mwa iwo. Sindikunena izi kuti muziopa madzi. Tsiku lija, mpira usanagwere m'dziwe, linali limodzi mwa masiku okoma kwambiri a banja lathu. Amayi anaviika mapazi m'madzi akuseka ngati mtsikana. Tidzapitanso, ndipo mnyamata wanga wayamba kuphunzira kusambira pamalo osaya, ine ndili pambali pake m'madzi momwemo.

Koma tsopano tili ndi malamulo athu. Timayamba tafunsa eni dera za pozama, poterera komanso za likodzo. Timayeza ndi ndodo, osati ndi maso, ndipo timayeza malo angapo chifukwa pansi pa mtsinje si posalala. Wosadziwa kusambira sapitirira madzi a m'mawondo. Wamkulu mmodzi amakhala woyang'anira ana, wopanda foni kapena fupa la nkhuku m'manja. Ndodo yaitali imakhala pafupi. Mpira ukapita pakati, upite, wina tikagula pa Lizulu.

Usiku wa tsiku lija, titafika kunyumba ana atagona, amayi anandiitana pakhonde. "Aphunzitsi, zija mumaphunzitsa ana a eni zija, mumazikhulupirira inuyo?" Ndinayankha kuti eya. "Ndiye muzizitenga popita kumtsinje. Musamazisiye m'kabati ya kusukulu."

Nsungwi ija ndinaiimika pakona m'kalasi mwanga, chizindikiro cha mpeni chikuonekabe pa masentimita 140. Teremu ino, pamene ndinkayamba mutu wa refraction, sindinayambe ndi pensulo m'tambula. Ndinaitana ana mmodzimmodzi kuti aime pafupi ndi nsungwiyo, aone pamene madzi akanawalekeza. Ambiri anawafika m'khosi, ena pakamwa, ndipo atatu aafupi anawapitirira mphuno. Kenako ndinawasonyeza pa masentimita 70, n'kuwauza kuti apa ndi pamene maso anga anaona. M'kalasi munangoti zii, mpaka mtsikana wina wakumbuyo anakweza mkono. "Sala, ndiye tiyambe ndi kujambula normal?" Ndinamupatsa choko.